Dimba la M'mwamba ndi Mlimi Amene Anagonja ku Glasgow

Khonde la m'mwamba, limene amalimanga kunja kwa nyumba zosanjikizana m'mizinda ya ku Britain, ndi kamalo ka simenti kotchingidwa ndi zitsulo kamene kamamatirira kukhoma ngati chisa cha namzeze, ndipo kamasiyana ndi khonde la kumudzi chifukwa nkhuku siingakwerepo, mlendo wodutsa sangaimepo n'kuchita odi, komanso munthu akatererekapo nkhani yake imakathera ku ofesi ya kazembe. Omanga nyumba analinga kuti anthu azipumirapo kamphepo m'chilimwe, koma sanaganizire za Mmalawi, amene akapatsidwa malo alionse okwana mphasa imodzi amayamba pomwepo kuwerengera mizere m'mutu. Phunziro lino likuunika mmodzi wa anthu otere, bambo wa zaka zapakati wokhala pansanjika yachinayi mumzinda wa Glasgow ku Scotland, yemwenso ndi mlembi wa danga lino, koma amene pofuna kusunga ulemu wa maphunziro ndi wa banja lomwe azitchulidwa kuti mlimi.

Maziko a chikhulupiriro cha mlimiyu anali a mbiri yakale. Iye ankadziwa kuti pamtunda wa makilomita owerengeka kuchokera ku Glasgow pali tauni ya Blantyre, kumene David Livingstone anabadwira mu 1813, ndiponso kuti amishoni a ku Scotland anatenga dzina lomwelo n'kulipereka ku malo amene anakhazikapo mishoni yawo mu 1876, omwe lero ndi mzinda wa zamalonda wa Malawi. Kuchokera pamenepa iye anatsimikiza kuti malo awiri ogawana dzina ayenera kugawananso nthaka ndi nyengo, mfundo imene katswiri aliyense wa zaulimi sanaiyesepo, pa chifukwa chomveka. Powonjezera apo, mlimiyu anali ndi matenda ofala pakati pa amuna amene anachoka kumudzi ali anyamata, oganiza kuti ulimi uli m'magazi, ngakhale kuti umboni wa achibale ukusonyeza kuti masiku opalira iye ankadwala mutu umene unkachira nsima ikangophulidwa.

Cholakwa choyamba chinachitika mu Novembala. Ku Malawi mwezi umenewu ndi wa mvula yoyamba, pamene fungo la dothi lonyowa limadzutsa aliyense kuti akabzale, ndipo popeza ku Glasgow kumagwa mvula yoposa mamilimita 1,000 pachaka, yambiri mwa iyo m'miyezi ngati imeneyi, mlimiyu anaona madzi akuyenderera pagalasi, mtima unagunda, n'kukwirira njere za chimanga m'zidebe zitatu. Chimene sanafunse n'chakuti chimanga sichimera pokhapokha dothi litafunda kufika pa madigiri pafupifupi 10, ndipo kuti mvula ya Novembala ku Scotland imalengeza kutha kwa ulimi wa chakacho. Njerezo zinafufuma, zinachita nkhungu, n'kuwola mwaulemu popanda ngakhale imodzi yosuzumira kunja. Mayi ake atafunsa pa WhatsApp mu Januwale kuti, "Mwananga, kumeneko mwabandira?", iye anayankha kuti nyengo yachedwa pang'ono, yankho limene mwasayansi silinali bodza, popeza inachedwadi ndi miyezi isanu ndi umodzi.

Apa pakufunika kufotokoza mawu akuti kuzizira, chifukwa amanyamula matanthauzo awiri amene asocheretsa anthu ambiri. Kuzizira kumene mlimiyu anakulira n'kwa Juni ndi Julayi, kwa chiperoni, kamvula kowaza ndi nkhungu kamene kanatenga dzina ku phiri la Chiperone la ku Mozambique ndipo kamakuta Thyolo, Mulanje ndi Blantyre kwa masiku angapo. Anthu amavala juzi n'kuwotha moto, koma m'dimba mpiru ndi repu zimakhala zili pachimake, moti nyengo yozizira ndiyo nyengo ya ndiwo zamasamba. Kuzizira kwa ku Glasgow n'kwa mtundu wina, kumene masana a Januwale amafika madigiri 6 kapena 7 okha ndipo usiku wopanda mitambo umatsika kupyola pa 0, pamene madzi amaundana. Madzi akaundana amafufuma ndi magawo pafupifupi 9 pa 100 alionse, ndipo popeza tsamba ladzala ndi madzi m'timatumba ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, timatumbato timaphulika, n'chifukwa chake nkhwani womenyedwa ndi chisanu amaoneka m'mawa ngati waphikidwa kale ndi munthu amene anaiwala mchere ndi nsinjiro.

Nkhani ya dzuwa ndi yomvetsa chisoni kwambiri, ndipo mlimiyu sangainamizire wina aliyense. Pofunafuna nyumba, iye anasankha dala ya khonde loyang'ana kumpoto, pokumbukira bwino lomwe kuti kwawo m'nyengo yozizira dzuwa limapendekera kumpoto ndipo nkhalamba zimaothera mbali imeneyo. Chidziwitso chimenechi n'choona kumwera kwa dziko lapansi, koma Glasgow ili pa madigiri pafupifupi 56 kumpoto, kumene dzuwa la masana limakhala kumwera chaka chonse. Pa 21 Disembala limatuluka cha m'ma 8:45 m'mawa n'kulowa nthawi isanakwane 4 koloko madzulo, kutanthauza maola asanu ndi awiri okha a kuwala, ndipo ngakhale pakati pa usana limangokwera madigiri 11 pamwamba pa malekezero a thambo, ngati munthu wosuzumira pampanda kuti aone ngati angongole apita. Zotsatira zake n'zakuti m'miyezi yonse yachisanu mlimiyu amaliona dzuwa pakhoma la nyumba ya anthu ena kutsidya kwa msewu, ndipo amalipatsa moni kuchokera patali monga amachitira munthu ndi wachibale amene analemera.

Komabe chimene chinapha zomera zambiri pakhondepo ndi chikondi cha mwini wake. Munthu woleredwa m'dziko limene mbewu imafa ndi ludzu amadziwa mankhwala amodzi okha a chomera chofooka, omwe ndi madzi, ndipo akalephera amawonjezera feteleza. M'nyengo yachisanu chomera chimagona, kutanthauza kuti chimaleka kukula ndipo chimamwa madzi ochepa kwambiri, choncho madzi othiridwa tsiku ndi tsiku amangodikha mumphika, amathamangitsa mpweya umene mizu imapuma, ndipo mizuyo imawola. Chomera chowola mizu chimafota mofanana ndendende ndi chomera cha ludzu, ndipo mlimiyu ataona kufotako anathamangira keni n'kuthiranso, kenako n'kuthiranso, mpaka mphika unayamba kununkha ngati dambo. Lamulo loyenera, limene analiphunzira maliro atachitika kale, ndi lolowetsa chala m'dothi mpaka pamfundo yachiwiri n'kuthirira pokhapokha chikatuluka chouma, m'mawa wa tsiku lopanda chisanu, ndiponso kubisa feteleza mpaka Malichi kapena Epulo. Kwa mwana wa mlimi, kuima pafupi ndi mbewu yodwala manja ali m'thumba ndi chilango chowawa kuposa kulima tsiku lathunthu.

Miphika nayo ili ndi malamulo ake. Mbewu ya m'munda imatetezedwa ndi nthaka yaikulu imene imasunga kutentha, pamene ya mumphika imazunguliridwa ndi mphepo mbali zonse, moti mizu yake imaundana msanga, ndipo mphika wadothi wowotcha, umene umamwa madzi m'thupi mwake, umang'aluka madziwo akafufuma. Odziwa amaika miphika pa timiyala kapena tinjerwa kuti madzi azituluka pansi, amaisonkhanitsa pamodzi kufupi ndi khoma la nyumba limene limatulutsa kafungo ka kutentha, ndipo amaikulunga ndi pulasitiki wa timatuza ta mpweya, uja amakutira katundu wosachedwa kusweka. Mlimiyu, posowa pulasitikiyo usiku wina wa chisanu, anatsegula sutikesi ya mayi a kunyumba n'kutengamo chitenje cha pa ukwati wa mng'ono wawo. M'mawa mwake mayiwo anaima pakhomo la khonde kwa kanthawi, kenako anafunsa mofatsa kuti, "Abambo, kodi chitenje changa chafunda mphikachi chikukhuza maliro a ndani?" Kafukufuku sanapeze yankho lililonse limene linaperekedwa, koma akusonyeza kuti mlimiyu anatsuka mbale sabata yonseyo.

Chipulumutso chinachokera kwa gogo wina wa khomo loyandikana, mbadwa ya mumzindawo, amene khonde lake limakhala lobiriwira ngakhale mu Januwale, ndipo amene mlimiyu anakhala zaka ziwiri osamufunsa kanthu poopa kuti munthu wochokera kudziko la alimi angaoneke wopepera. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo phula limene linadyedwa pansanjika yachinayi likanakwana kupanga makandulo a tchalitchi chonse. Gogoyo anafotokoza kuti munthu amabzala zimene dzikolo limalola: adyo, amene amakwiriridwa mu Okutobala kapena Novembala ndipo amafuna masabata angapo a kuzizira kuti mutu wake ugawike tizidutswa, maluwa olimba monga pansy ndi heather, komanso ndiwo yamasamba ya mtundu wa kabichi imene anthu a ku Scotland akhala akudya kwa zaka mazanamazana, yofanana ndi chomoliya, imene chisanu chimaikometsa chifukwa chomeracho chimachulukitsa shuga m'masamba podziteteza kuti chisaundane. Dzina la ndiwoyi limalembedwa kuti kale, ngati mawu a Chichewa aja onena za nthawi yapita, ndipo mayi a kunyumba, amene sataya mwayi wotere, akhala akuuza alendo kuti amuna awo ndi mlimi wa kale.

Zomera zina zimangofunika kulowetsedwa m'nyumba chisanu chisanayambe. Duwa la pelargonium, limene limadzaza makonde a ku Ulaya m'chilimwe, kwawo kwenikweni ndi kumwera kwa Africa, ndipo mlimiyu atamva zimenezi anayamba kulitenga ngati mnzake wa paulendo, moti limagona pawindo la kukhitchini pamodzi ndi katsinde ka tsabola wa kambuzi kamene kanamera kuchokera ku njere za m'botolo. Kambuziyo anayoyola masamba onse n'kutsala kamtengo kokhakokha, koma tsabola wa mtundu umenewu amatha kukhala zaka zingapo akapulumuka kuchisanu, ndipo kukanda khungwa ndi chikhadabo kumaonetsa zobiriwira m'kati. Ana a m'nyumbamo analetsedwa kukanda kamtengoko mlimiyu atazindikira kuti iye yekha anali atakakanda kale malo asanu ndi anayi. Usiku wa pa 23 Januwale 2025, mafoni atalira okha ndi chenjezo la mphepo yamkuntho yotchedwa Éowyn imene inawomba tsiku lotsatira, miphika yonse ya panja inasamutsidwira m'bafa, ndipo banja lonse linasamba mochita kudumpha adyo kwa masiku awiri.

Gawo lachiwiri la phunziroli, lokhudza kusangalala ndi khonde m'nyengo yachisanu, ndi lalifupi chifukwa chisangalalocho n'chachifupinso. Mwambo wake umafuna mathalauza awiri, juzi, jekete, chipewa chaubweya, magolovesi ndi bulangete, ndipo kuvala zonsezi kumatenga nthawi yaitali kuposa imene munthu amakhala panjapo. Mbaula, imene ikanathetsa vuto lonse, ndi yoletsedwa m'pangano la lendi poopa moto, choncho kutentha konse kumachokera m'kapu ya tiyi, imene imayamba ngati tiyi n'kutha ngati thobwa la dzulo. Mlimiyu ankauza banja lake kuti amatuluka kukalandira vitamini D, yemwe khungu limapanga likawombedwa ndi dzuwa, mpaka mwana wake wamkazi anamuwerengera malangizo a azaumoyo a m'dzikolo akuti kuyambira Okutobala mpaka Malichi dzuwa la kumeneko n'lofooka moti silingathandize pa zimenezi, ndipo anthu aziganizira zomwa mamaikulogalamu 10 patsiku, makamaka a khungu lakuda. Anamukumbutsanso kuti pakhondepo dzuwalo silifika n'komwe.

Ngakhale zili choncho, chilungamo chikufuna kuti zilembedwe kuti pali mphindi zina zimene mlimiyu sangasinthanitse ndi chilichonse. M'mawa wa chisanu, zitsulo za khonde zitachita mbuu ngati zawazidwa ufa woyera, kumabwera kambalame kofiira pachifuwa kotchedwa robin, kamene kamaimba ngakhale pakati pa nyengo yozizira pamene mbalame zambiri zili chete, ndipo kamatera pamphepete pa mphika n'kumuyang'ana ndi diso limodzi monga mlangizi wa zaulimi amene wapeza zolakwika zambiri koma wasankha kukhala chete. Pafupi ndi phazi lake pamakhala nsonga zobiriwira za adyo zitaboola dothi louma gwaa, ndipo munthu wamkulu, wa ana ndi ngongole zake, amapezeka atagwada pasimenti yozizira akuziwerenga ndi chala. Mayi a kunyumba nawo anapeza ntchito ya khondelo imene siinalepherepo chaka chilichonse, yomwe ndi kuikapo poto wa nyemba ndi zakumwa za Khirisimasi furiji ikadzaza, ndipo pa zokolola zonse za malowo, nyembazo ndi zimene zadyetsa anthu ochuluka.

Kawerengedwe ka zokolola za nyengo yapitayi kanachitika pamaso pa mboni. Mwa mitengo isanu ya kale, itatu inadyedwa ndi nkhunda zakutchire, zimene zimakonda masamba a mtundu wa kabichi ndipo sizidziwa kuti mwini munda anachokera kutali, ndipo iwiri yotsalayo inapereka masamba khumi ndi limodzi, amene ataphikidwa anakwana supuni zitatu ndipo anafunika kuwonjezeredwa kabichi wogula. Ndalama zimene zinapita ku dothi la m'matumba, miphika, mbewu ndi chitenje chatsopano chopepesera zikanagula feteleza wa munda wa mayi ake. Pa chifukwa chimenechi, achibale onse a kumudzi akupemphedwa mwaulemu kuti akamaimba foni azifunsa za ana, za ntchito ndi za umoyo, koma funso lakuti chaka chino mwapata matumba angati aliyambe alisunga mpaka adyo atakumbidwa mu Julayi.