Luso Logula Mosinira

Kugula mosinira ndi luso lopita kumsika ndi ndalama zochepa n'kubwerako ndi jumbo yolemera, kachenje m'thumba, komanso chikhulupiriro choti wogulitsa wagona ndi chisoni. Luso limeneli likupezeka m'maboma onse 28 a dziko la Malawi, koma limakula kwambiri m'matauni, kumene chisoso chimene kumudzi chimamera chokha kuseri kwa khola chimagulitsidwa pamulu. Akatswiri ake enieni ndi amayi, ndipo iwo amagwira ntchitoyi osalengeza. Pali gulu linanso la abambo amene anatumidwa kumsika tsiku lina mayi atadwala, nabwerako atatsimikiza kuti ndalama za pakhomo zakhala zikuonongeka chikwatirire. Nkhani ino ikukhudza kwambiri gulu lachiwirili, poti mlembi wa danga lino ndi membala wake wokhazikika, ndipo zambiri zimene zalembedwa pano zinaonedwa pa iye.

Kusinira kumayendera tsiku la mwezi. Malipiro akangolowa, wosinira sadziwika. Amapezeka m'sitolo yaikulu akukankha ngolo, akuwerenga zolembedwa pa mabotolo a zinthu zimene sanadyepo. Luso limadzuka mwezi ukafika pakati, ndipo mu Januwale, sukulu zikatsegulidwa feteleza wobereketsa asanagulidwe, limagwira ngakhale anthu amene mu Disembala ankaseka anzawo. Ola nalonso n'lofunika. Mtengo wa masamba ndi tomato umafewa dzuwa likapendeka, ogulitsa akayamba kuganiza za minibasi yobwerera kwawo ndi katundu amene mawa adzakhala atafota. Wosinira amadikira nthawi imeneyi. Vuto lake n'lakuti osinira anzake nawonso amaidziwa, choncho akachedwetsa pang'ono amapeza mpiru wotsala uli wachikasu, n'kuugulabe, n'kukafotokoza kunyumba kuti ndi mtundu wina.

Kunenerera ndiye phata la nkhani yonse, ndipo kumayambira pa zovala. Wogulitsa pamsika wa Limbe, Ndirande, Mchesi kapena Wakawaka amatchula mtengo atayang'ana kaye nsapato za wofunsa. Wovala tayi amalipirira tayiyo. Wogwira makiyi a galimoto m'manja amalipirira galimotoyo, ngakhale makiyiwo ali a chitseko cha nyumba ya lendi. Amene waponyamo Chingerezi pofunsa mtengo ndiye wadzipachika yekha. N'chifukwa chake wosinira wozindikira amavula tayi pageti la msika n'kuipinda m'thumba, osadziwa kuti mayi wa tomato wamuona akuvula.

Akamva mtengo, lamulo likuti adabwe. Amagwira pakamwa n'kufunsa kuti, "Mayi, mukugulitsa tomato yekha kapena ndi dimba lomwe?" Mayiyo, amene funsoli amalimva kuyambira m'mawa, amayankha kuti, "Bwana, kopikula nakonso zakwera. Muli ndi zingati?" Apa wosinira amatchula theka, wogulitsa amaseka, ndipo nkhani imafika pa gawo lovuta kuposa onse, lomwe ndi kunyamuka. Wogula amatembenuka n'kuyamba kuchoka, makutu ali m'mbuyo, kudikira mawu oti, "Bwerani, achimwene, tengani." Mawuwa akabwera, luso lagwira ntchito. Akapanda kubwera, wosinira amachepetsa liwiro, amaima kumanga chingwe cha nsapato chimene sichinamasuke, amayang'ana foni imene sinalire. Mayi uja amakhala akutumikira kale wina. Kubwerera n'kosatheka chifukwa cha manyazi, ndiye bamboyo amakagula kumapeto kwa mzere, tomato wocheperapo pa mtengo wokwererapo, kenaka amatulukira geti lina kuti asadutsenso pomwe paja. Mlembi wa danga lino amadziwa mageti onse a msika wa kwawo pa chifukwa chimenechi.

Muyeso wa pamsika si sikelo. Ndi mulu, mbale, kapu, chigoba ndi ndowa. Mulu wa tomato umamangidwa mwaukatswiri: atatu pansi, mmodzi wonenepa pamwamba, ndipo mbali yobanduka ya aliyense imayang'ana kuthebulo. Chigoba cha nyemba kapena mtedza nthawi zina chimakhala chitaphwanyidwira m'kati kunsi kwake, kotero kuti chimadzaza msanga kuposa cha kunyumba. Wosinira amadziwa zonsezi. Amazunguza tomato aliyense, amasuzumira kunsi kwa chigoba, amalawa mtedza pa malo anayi asanagule pamodzi, zimene ena amaziwerengera ngati chakudya chamasana. Pomaliza amapempha banyira, ndipo akapatsidwa katomato kamodzi kofewa amachoka akumwetulira, osaganizapo kuti banyirayo anawerengeredwa kale pomanga mulu.

Pa nsomba nkhani ndi yaifupi. Chambo amangochipatsa moni. Amafunsa mtengo wa utaka kuti anthu amve, amayang'ana matemba a ku Chilwa, n'kugula bonya. Tsiku limene ana afunsa za nyama, amabwera ndi paketi ya soya n'kuwauza kuti madokotala amaletsa mafuta.

Mkangano waukulu pakati pa osinira ndi wa kupikula ndi kugula pang'onopang'ono. Masamu ake ndi osavuta: mafuta ophikira a malita 5 amatsika mtengo poyerekeza ndi oyeza m'timapepala pa okala, thumba la ufa limaposa wokumani wa tsiku ndi tsiku, ndipo sopo wa mtanda wathunthu amaposa woduladula. Wosauka amagula modula chifukwa alibe ndalama yogulira motchipa, ndipo izi sizoseketsa konse. Koma bambo wosinira akadzikakamiza n'kugula chigubu chonse cha mafuta, amaphunzira chinthu chimene masamu sanena. Chigubu chodzaza chimapendekeka mosavuta. Masamba amene ankadyedwa otendera amayamba kusambira, mazira amakazingidwa Lachiwiri wamba, mwana wamkulu amatulukira luso la zitumbuwa, ndipo mwana wa aneba amafika ndi kabotolo atatumidwa kuti, "Akuti mutipungulireko, tibweza mawa." Mafuta a miyezi iwiri amatha mwezi usanathe. Koma kapepala ka pa okala kamadzilondera kokha, poti palibe amene angabwereke mafuta kwa munthu amene akufinya pulasitiki ndi zala ziwiri.

Palinso osinira apaulendo, amene malo awo opatulika ndi Lizulu, pa msewu wa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu, pomwe tsidya lina la msewu ndi Mozambique. Kumeneko kabichi, karoti, anyezi, mbatata ya kachewere ndi tomato zimachoka kudimba n'kufika pawindo la basi zisanadutse m'manja ambiri, ndipo mtengo wake umapangitsa munthu wa mu Lilongwe kapena Blantyre kuiwala kukula kwa banja lake. Amagula dengu lonse la tomato. Kondakitala amati dengu ndi katundu, lilipiridwe. Pa depoti wakabaza amati dengu ndi munthu wachiwiri. Kunyumba kulibe firiji, kapena ilipo koma mayunitsi a magetsi nawonso akusiniridwa, ndipo tomato amene anathyoledwa tsiku limodzi amapsanso tsiku limodzi. Banja limadya tomato m'mawa pa buledi, masana ngati ndiwo, madzulo ngati ndiwo ya ndiwo. Pofika kumapeto kwa sabata, mayi a pakhomo amakhala akuzungulira mzere wonse wa nyumba ndi mbale, kugawa ulere, ndipo aneba amayamikira bambo uja kuti ndi munthu wa mtima wabwino, mbiri imene sanaifune ndipo idzamudyera zambiri m'tsogolo.

Chimanga chili ndi nzeru yeniyeni imene palibe angaitsutse. Chimatsika mtengo nthawi yokolola, kuyambira mu Epulo mpaka cha mu Juni, n'kukwera kwambiri mu Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zikapepuka. Amene wagula matumba a makilogalamu 50 nthawi yokolola, nathira mankhwala kuti anankafumbwe asalowe, wachita bwino. Chimene wosinira amaiwala ndi malo osungira. Nyumba ya lendi ilibe nkhokwe, ndiye matumba amasanjidwa pabalaza, pamene mlendo aliyense amawawerenga ndi maso akumwa tiyi. Uthenga umafika kumudzi msanga, ndipo mvula ikayamba alamu amabwera kudzaona ana, atanyamula thumba lopanda kanthu lopindidwa bwino m'chikwama. Pokagayitsa, wosinira amasankha mgaiwa, chifukwa sulipiritsa kokonola ndipo palibe chotayika ngati madeya. Akafunsidwa amakamba za thanzi, ndipo apa, mwangozi, amakhala akunena zoona.

Za kaunjika zimatsata lamulo la nyengo. Bero likangotsegulidwa m'mawa, zabwino zimapita ndi a ndalama zawo. Wosinira amafika zitasankhidwa, ndipo amagula zovala za mphepo mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, poti nthawi imeneyo palibe wozifuna. Umu ndi mmene mlembi wa danga lino anapezera chijasi chosokedwera chipale chofewa cha ku Ulaya, chimene amachivala mu Juni chiperoni chikawomba, n'kutuluka thukuta mwaulemu kufikira masana.

Mdani amene sanenerereka ndi kwacha yeniyeniyo. Mu 2022 Reserve Bank of Malawi inatulutsa ndalama yapepala ya K5,000, ndipo mu Meyi chaka chomwecho mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi ya ku America kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Tambala anatsala m'mabuku a masamu a ku pulayimale, ndipo chenje chaching'ono pa golosale chimabwera ngati switi kapena bokosi la machesi. Izi zinasokoneza chiphunzitso cha osinira. Bambo amene anabisa ndalama m'thumba la jekete yakale, nakaniza mkazi wake kugula shuga wambiri, anadzuka n'kupeza kuti ndalama zake zilipo zonse koma shuga amene zingagule wachepa. Kuchokera pamenepo mawu oti "dzulo ndinagula mwakuti" anasiya kukhala umboni pamsika. Wogulitsa amangoyankha kuti, "Ndiye mukanagula awiri dzulolo, bambo."

Chotsala ndi kawerengedwe ka phindu. Wosinira amawerengera ndalama imene sanalipire ngati ndalama imene walandira. Akatsitsitsa K500 pa nyemba, K300 pa anyezi, nayenda pansi m'malo mokwera kabaza, amaona kuti m'thumba mwake mwalowa chuma, ndipo chuma chimafuna chikondwerero. Panjira pali chiwaya. Tchipisi zimafuna kanyama, kanyama kamafuna chakumwa chozizira, ndipo mnzake wakale amene amangotulukira pa nthawi zoterezi sangadye ndi maso. Mayunitsi amene anathera poimbira anthu atatu kufunsa kumene shuga watsika salowa m'kaundula, chimodzimodzi chidendene cha nsapato. Akafika kunyumba amathira jumbo patebulo n'kulengeza zimene wapulumutsa, ndipo mayi a pakhomo amafunsa funso limodzi lokha: "Ndiye zili kuti, abambo?"

Ndalama zopulumutsidwa zimene zimaoneka ndi maso m'nyumba yotere ndi za mayiwo. Iwo amagula kwa wogulitsa mmodzimodzi chaka chonse, amene amawasungira mulu wabwino, amawathirira banyira osapempha, ndipo pakati pa mwezi amawakongoza popanda kulemba. Zotsala amaziponya kubanki mkhonde sabata ndi sabata, osauza munthu. Magulu ambiri otere amagawana ndalama chakumapeto kwa chaka, ndipo m'pamene pakhomo pamafika thumba la feteleza, yunifolomu za ana ndi nkhuku ya Khirisimasi. Alendo akayamikira, bambo wosinira amakonza kolala ya malaya n'kufotokoza kuti zonsezi n'chifukwa choti masiku ano kumsika amapitako yekha.