Kakonzedwe ka Msonkhano wa Makolo Potsegulira Sukulu

Msonkhano wa makolo wa kumayambiriro kwa chaka ndi mwambo umene sukulu ya pulayimale imaitanira mabanja kuti adzaonane ndi aphunzitsi, amve ndondomeko ya chaka, ndi kudziwa kumene amakathera mwana amene amachoka pakhomo m'mawa uliwonse kapu ili m'manja. M'Malawi umachitika m'sabata zoyambirira za teremu yoyamba, mu September kapena October, fumbi lili pachimake. Ku America mwambo wotere amauchita madzulo: makolo akaweruka kuntchito amakakhala pa timipando ta ana awo, mphunzitsi n'kufotokoza kwa mphindi zochepa zimene adzaphunzitse, aliyense n'kukwera galimoto yake. Komiti iliyonse ya kuno ili ndi munthu mmodzi amene anamva zimenezi kwa mlamu wake ndipo amafuna ziyesedwe. Maganizo ake amalembedwa m'buku mwaulemu. Kenaka wina amakumbutsa kuti dzuwa la September limalowa 6 koloko isanakwane, kuti m'makalasi ambiri mulibe babu, ndiponso kuti pamene pali babu si pamene pali magetsi. Motero msonkhano umaikidwa 2 koloko masana, imene pa wotchi ya makolo ndi 4 koloko.

Okonza ake ndi komiti yoyendetsa sukulu, bungwe la makolo ndi aphunzitsi lomwe aliyense amangoti PTA, ndi amayi a mother group amene amalondola atsikana ojomba. Ntchito ya magulu otere inakula kuchokera mu 1994, pamene boma la Bakili Muluzi linathetsa fizi ku pulayimale, ana olembetsa n'kukwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Ana anathamanga, makalasi ndi madesiki anatsalira m'mbuyo, ndipo mpaka lero sanawapeze. Lamulo la maphunziro la 2013 limakakamiza mwana kupita kusukulu. Kukokera kholo ku msonkhano kunasiyidwa m'manja mwa mlembi wa komiti.

Wapampando amasankhidwa chifukwa cha mawu ndi mimba. Msungichuma amakhala mayi wopemphera wa nyumba ya chitseko cholimba. Mlembi amasankhidwa chifukwa tsiku la chisankho anaoneka ndi cholembera m'thumba la malaya. Wolemba nkhani ino ndi wa gulu lachitatuli, ndipo cholemberacho chinali chongokongoletsera malaya, inki inali itatha kale.

Ntchito yoyamba ndi kupeza tsiku. Lachisanu Asilamu ali kumzikiti. Loweruka a Seventh Day ali kutchalitchi, ena onse ali ku maukwati ndi ku zinkhoswe akuponya ndalama zimene Lolemba adzati alibe. Lamulungu silikhudzidwa. Lachinayi ndi la amayi a Mvano, ndipo msonkhano wopanda amayi ndi msonkhano wa mabenchi okha. Lina ndi la msika, lina ndi la banki m'khonde. Komiti ikachotsachotsa imatsala ndi Lachiwiri, ndiye pomwe wapampando amakumbukira kuti Lachiwiri ali ndi ulendo wa ku boma. Tsiku likapezeka limalembedwa ndi pensulo, chifukwa maliro a m'mudzi woyandikana amafufuta chilichonse, ndipo palibe munthu wanzeru zake amene angatsutse.

Kuitana ndiko kumadya mutu. Mlembi amalemba kalata, a hedi amadinda chidindo, aphunzitsi amaikopera pa bolodi, ana amaikopera m'makope. Ana a Sitandade 1 sanayambe kulemba, choncho amapatsidwa uthenga wapakamwa. Mawu akuti "makolo abwere Lachiwiri masana" akayenda makilomita awiri m'mutu mwa mwana wa zaka 6 amafika kunyumba ali "mawa kulibe sukulu". Sukulu zokhala ndi kangachepe zimasindikiza makalata, ndipo ena amasanduka ndege, ena amakulunga zitumbuwa, otsala amapezeka mu December m'thumba la kabudula pochapa. M'tauni muli gulu la WhatsApp, momwe uthenga umakwiriridwa ola lisanathe ndi vesi la m'mawa, malonda a nkhuku, ndi kholo lofunsa kuti kodi msonkhano uli liti. Njira zodalirika zikadali zakale zomwe: amfumu, zolengeza za kutchalitchi ndi kumzikiti, ndi pamjigo. Pamjigo pomwepo ndi pamene akazi a mlembi amamvera za msonkhano umene amuna awo akhala akuukonza sabata yonse, poti mwana wawo nayenso kalata anapangira ndege.

Zolemba m'kalatamo zimafuna nzeru. Mukatchula ndalama, anthu sabwera. Mukapanda kutchula, anthu amadziwabe, chifukwa sukulu siinaitanepo munthu kuti idzamupatse moni chabe. Chodzaza bwalo ndi mphekesera yakuti kubwera a bungwe odzalemba maina. Pamenepo amafika ngakhale anthu amene ana awo anamaliza sukulu nthawi ya Kamuzu. Komiti yabwino siyambitsa mphekesera yotere, komanso sithamangira kuitsutsa.

Malo ake ndi pansi pa mtengo waukulu, ndipo wokonza ayenera kudziwa kuti mthunzi umayenda. Tebulo loikidwa pamthunzi 1 koloko limakhala padzuwa amfumu akamayamba kulankhula. Mipando ili ndi maudindo ake. Wamikono wa mu ofesi ya a hedi ndi wa amfumu. Yapulasitiki, yobwereka kutchalitchi, ndi ya komiti ndi a PEA, mlangizi wa sukulu za m'zoni, ngati abwere. Mabenchi ndi a abambo, amayi amayala zitenje. Zonsezi amasenza anyamata a Sitandade 7, ndipo iwo akathawa amasenza mlembi. Mipando ikachepa amatulutsa madesiki a Sitandade 3, ndipo bambo wathupi amalowamo ngati nsomba mu mono: kulowa n'kosavuta, kutuluka kumafuna anthu awiri.

Limu ya galimoto yopachikidwa pamtengo ikalira, obwera amaoneka mitundu yawo. Ambiri ndi amayi ndi agogo. Abambo amakhala ochepa, koma ndiwo amalankhula nthawi yaitali. Pamakhalanso achemwali a Fomu 2 atamanga chitenje kuti aoneke aakulu, ndi "amalume" amene mwana wopalamula wawapeza pa siteji ya kabaza, amene akafunsidwa dzina la mphwawo amayang'ana kumwamba.

Mwambo umayamba ndi pemphero, kenaka kudziwana kwa anthu amene akhala mudzi umodzi chibadwire. Wolankhula aliyense amalonjeza kuti sachulutsa gaga m'diwa, ndipo mlembi wozolowera akamva mawu amenewa amatsegula tsamba latsopano. A hedi amapereka chiwerengero cha ana ndi aphunzitsi. Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60, koma m'sukulu zambiri Sitandade 1 imapitirira 100, choncho mayi wophunzitsa kalasi imeneyo akaimirira anthu amaomba m'manja mochokera pansi pa mtima, ena mwamanyazi poti akudziwa chimene amamutumizira m'mawa uliwonse. Kenaka zotsatira za mayeso a Sitandade 8 ochokera ku MANEB: angati anakhoza, angati anasankhidwa ku sekondale za boma zogonera konko, angati ku CDSS yapafupi. Gawo limeneli, lomwe ndi mutu weniweni wa sukulu, limatha mphindi khumi.

Phala limatha ola. M'sukulu zimene muli Mary's Meals, bungwe lomwe linayambira ntchito yake m'Malawi muno mu 2002, ufa wa chimanga ndi soya umabwera, koma ophika ndi makolo ongodzipereka, mudzi ndi mudzi mosinthana. Apa pamatuluka mbiri yonse: mudzi umene sunabweretse nkhuni teremu yatha, mayi amene phala lake limakhala lamadzi, ndi chidebe chimene chinaoneka chikutuluka pageti chitaphimbidwa. Zonse zimanenedwa popanda kutchula dzina, maso a bwalo lonse ali pa munthu mmodzi.

Msungichuma akaimirira, anthu a kumbuyo amayamba kukumbukira mbuzi zimene sanamangirire. Boma limatumiza ndalama zochepa zokonzera sukulu, koma mlonda, chimbudzi chimene chinagwa ndi mvula, ndi mchenga wa buloko yatsopano kwa zaka zambiri zakhala zikuyang'ana kwa makolo. Bambo wina amaimika dzanja. "Pepani a pampando, nanga si munati sukulu ndi yaulere?" Funsoli lakhala likufunsidwa chaka ndi chaka kuyambira 1994, ndipo yankho lake silinasinthe: "Yaulere ndi sukulu, bambo, mlonda si waulere." Kenaka mlembi amapemphedwa kuwerenga maina a amene sanasonkhe chaka chatha. Amawerenga momveka bwino, koma pamzere wina amagwidwa ndi chifuwa, ndipo chikamatha amakhala ali pa dzina lotsatira. Akazi ake amayang'ana pansi.

Kuyendera makalasi kumabwera anthu atatopa, komabe ndi pamene kholo limaphunzira zambiri. "Aphunzitsi, wangayu akuchita bwanji?" Mphunzitsi amafunsa dzina, n'kufufuza m'kaundula, osalipeza. Pamapeto pake zimadziwika kuti Mavuto wa kunyumba analembetsa yekha kuti Marvellous, ndipo wakhala Marvellous zaka zitatu. Ena amapeza kuti mwana amene amati anakhala nambala 7 anali wa 7 kuchokera kumunsi. Mlembi sayendera nawo kalasi ya mwana wake. Amati ali ndi zolemba zambiri.

Zina ndi zina zimakhudza mbuzi zodya mitengo ya sukulu, nyumba zoonetsa makanema nthawi ya maphunziro, ndi kametedwe ka anyamata. Zikatha, akuluakulu amalowa mu ofesi kukamwa Sobo ndi mandasi. Botolo la Sobo limasungunulidwa molingana ndi chiwerengero cha anthu, osati malangizo a pa botolo. Nthawi imeneyo mlembi amakhala akubweza mipando kutchalitchi, poti amayi aifuna Lachinayi ndipo anasainira ndi iyeyo. Umodzi umapezeka wothyoka mwendo, kawirikawiri umene anakhalira wapampando. Akamabwerera amapeza mbale ya mandasi yatsukidwa, ndipo amauzidwa kuti anthu amusankhanso, poti panalibe wotsutsa.

Maminitsi amalembedwa usiku womwewo ndi tochi ya foni, m'Chingerezi cholemera kuposa zimene zinanenedwa. Mkangano wa nkhuni umasanduka mzere umodzi wakuti nkhani ya phala inakambidwa mokwanira. Amawerengedwa pa msonkhano wa chaka chamawa, ndipo amavomerezedwa kuti ndi oona ndi anthu awiri amene tsikulo anali ku msika.