Madzi saiwala khwawa, ngakhale muwagulire pampu

Mlamu wanga wayamba kuweta mbuna pabalaza. Inde, mbuna zomwe zija za m'miyala ya ku Cape Maclear, zimene anthu a ku Germany ndi ku America amazisirira m'magalasi pomwe ife timazipitirira pofuna chambo. Pamwamba pali thanki yagalasi ya malita 200, m'kabati mwa pansi muli kathanki kosefera. Madzi amatsika okha, pampu n'kumawabwezera kumwamba. Ataiyatsa anandiuza monyadira kuti mwambi uja wakalamba, chifukwa madzi ake akukwera chitunda.

Akukweradi, koma monyinyirika. Oweta nsombazi amati madzi onse azidutsa m'sefa kasanu mpaka kakhumi pa ola, ndiye kuti malita 1,000 mpaka 2,000 pa thanki yotereyi. Mkuluyu anagula pampu yolembedwa 2,000 pakatoni, n'kuyesa nkhani yatha. Chomwe katoni imanena motsitsa mawu n'chakuti nambalayo ndi ya pampu yomwe sikukweza madzi ngakhale pang'ono. Ipatseni mita imodzi yoti ikwere, malita ayamba kuthothoka. Wonjezani paipi yopyapyala ya mamilimita 12 yokhota kanayi, ndipo kona iliyonse isanduka chipata cholipiritsa pamsewu: madzi adutsa, koma asiyapo kenakake.

Ine katoni sindikangana nayo, ndimatenga ndowa. Tcherani ya malita 20 pakamwa pa paipi, pamsinkhu womwe madziwo amatulukiradi, muyang'ane wotchi. Ikadzaza m'masekondi 90, pampu yanu ikupereka malita 800 pa ola, kaya wogulitsa analumbira bwanji. Apa ambiri amathamangira kukagula pampu yaikulu, yomwe imangoonjezera phokoso ndi kudya mayunitsi. Mankhwala otchipa ndi paipi. Ya mamilimita 25 imaoneka ngati yangoposa ya 12 kawiri, koma mpata wa m'kati mwake ndi woposa kanayi. Ndipo paipi yotsitsa madzi izikula kuposa yokweza, poti kumeneko kulibe wokankha. Ikachepa, thanki yapamwamba isefukira mbuna zikuonerera.

Koma mwambiwu umadikira magetsi athime. Pampu ikangoti zii, madzi a m'paipi yokweza amatembenuka. Ngati kamwa ya paipiyo yamira m'thanki, amayamba kukoka anzawo, monga amachitira wopopa petulo ndi kapaipi, mpaka kathanki ka pansi kadzaze, kabati inyowe, kapeti iyandame. Njira imene pampu inawakakamiza kukwera mwezi wathunthu amaitsika osafunsa munthu.

Poseka pamakhala pothera. Aliyense amene anaona zomwe madzi anachita ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche, m'mwezi wa Malichi 2023 pa namondwe wa Freddy, sangatchule mwambiwu mopepuka. Makhwawa omwe anthu anawaiwala, eni ake anali akuwakumbukira.

Pabalaza mpamene munthu angapusitseko madzi pang'ono. Siyani malo m'kathanki ka pansi okwanira madzi obwerera, ndipo boolani kabowo pa paipi yokweza, pansi pang'ono pa pomwe madzi amalekezera. Akangotsika kufika pamenepo, mpweya umalowa, kukokana kuja n'kuduka. Vuto lake, kabowoko kamatsekeka ndi ndere mwakachetechete, choncho mwini pampu yamakono azikhala ndi kamtengo kotokosera m'mano pafupi, Loweruka lililonse azigwada n'kumatokosa.