Mbava ya Batire Inali M'chibokosi

Mlembi wa danga lino, mkulu wa ku Kabwata amene anasiyana ndi masamu ali ku pulayimale, anagula kompyuta mu 2024. Inde, chaka chomwe chija mvula inakana, madzi n'kutsika ku Kariba, boma n'kulengeza mu February kuti chilala chasanduka tsoka la dziko lonse. Pofika September malaiti ankabwera maola atatu okha patsiku, mwinanso pakati pa usiku ngati mfiti. Anzake anali kalikiliki kusaka makala ndi mbaula. Iye anatsika minibasi akuchokera ku Cairo Road atasenza chibokosi chakuda, chowala zofiira m'mimba.

Kunyumba anati n'cha bizinesi.

Chinamukopa ndi chikwangwani cha 650W pa power supply. Ankayesa kuti nambala ikakula ndiye kuti makinawo ndi anzeru, osadziwa kuti amenewo ndi malire chabe a magetsi amene kabokosiko kangagawire ziwalo zinazo.

Pakhomopo panali inveta ndi batire ya 12V, 100Ah, yogulira mababu ndi mafoni. Kale inkafika m'mawa. Tsopano inayamba kufa patangotha maola awiri. Mkuluyu anatsegula bwalo la milandu: anaimba mlandu ana, anakayikira mwana wa aneba, mpaka ananena kuti amake ana amasita zovala mobisa iye akatembenuka.

Loweruka anabwera mlamu wake wa ku Chelstone, wokonza zamagetsi, ali ndi bolopeni kukhutu. Anati batire yotere imasunga 1,200Wh, koma ya mtovu ngati imeneyi umangodyako theka, ukapitirira ikalamba msanga. Ndiye 600Wh basi. Kenako anatsegula chibokosicho n'kuyamba kuwerenga odya ngati mwini maliro. RAM iliyonse ikudya mawati atatu kapena kuposerapo pang'ono. SSD sifika asanu. Timafani, awiriawiri. Sikirini, 25. Purosesa ya Intel Core i5 inalembedwa 65W, ndipo mlembi wanu anailoza chala msangamsanga kuti nayi mbava.

Mlamuyo anapukusa mutu, n'kugogoda chikhadi chachikulu cha zithunzi, Nvidia RTX 3060. Chimenecho chokha chimameza 170W, ofanana ndi mababu 19 a 9W atayaka pamodzi. Zonse kuphatikiza, pafupifupi 300W. Mugawe 600 ndi 300, maola awiri aja atuluka okha.

“Koma alamu,” anatero mokweza kuti a kukhitchini amve, “chikhadichi chimagona tulo munthu akamalemba makalata. Chimadzuka n'kuyamba kudya pa magemu. Bizinesi yanuyo ndi yotani?”

Bizinesiyo inali FIFA. Usiku uliwonse mkuluyu ankamenya mpira ndi zala, atatseka mawu, ndipo anali atatsala pang'ono kutenga chikho. Ku Kabulonga ndi ku Woodlands, kumene madenga ena adzaza masola, munthu angasewere mpaka tambala. Pa Kabwata pake chigoli chilichonse chinkalipiridwa ndi homuweki ya ana yolembedwa pakandulo.

Amake ana sanalankhule kanthu. Anangobweretsa simbi yawo ya makala n'kuikhazika patebulo.

Chikhadicho anachizula tsiku lomwelo, poti purosesayo imatha kuonetsa zithunzi payokha. Lero kompyuta ndi sikirini zimadya pafupifupi 60W. RTX 3060 ili m'kabati, pakati pa mbale zaukwati, ndipo mlandu wa simbi unatha ndi zitenje ziwiri za ku Kamwala.