Ndinasiya mlomo, unakandipeza ku Alpe d'Huez

Pabwalo lathu la bawo, kuseri kwa chigayo, aliyense ali ndi bodza lake limene anzake analivomereza kalekale. Wina anamenyana ndi fisi. Wina akanasewera mpira kunja likanapanda bondo. Langa linali la njinga. Kwa zaka makumi atatu ndakhala ndikuuza anthu kuti ndili mnyamata ndinkakwera chitunda cha Thabwa, kuchokera ku Chikwawa kubwera ku Blantyre, matumba awiri a chimanga ali pakaliyala, osaponda pansi ngakhale kamodzi. Zoona zake n'zakuti thumba linali limodzi, losadzaza, ndipo njingayo, Humber ya malume, ndinkachita kukankha. Koma bodza ukalinena kawirikawiri umayamba kulikumbukira, mpaka thukuta lake umalimva.

Tsoka langa linali kulinena pamaso pa mkamwini. Mwana wanga wamkazi ndi namwino ku Leicester, ndipo mwamuna wake, mnyamata waulemu amene salankhula nane ali chiimire, anatengera matenda a azungu okonda njinga. Mu 2022 anandiitana kuti ndikaone chidzukulu. Nditangokhala sabata imodzi, mkamwini anabwera akupukuta manja.

"Bambo, takukonzerani kamphatso. Tikupita ku France kukatsatira Tour de France. Ndawauza kale za Thabwa zija, akuti akudikira kukuonani."

Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Wanga unali utakwera ndege kale, ukundidikira m'mapiri.

Mpikisano wa njingawu unayamba mu 1903, ndipo anauyambitsa ndi anthu a nyuzipepala yotchedwa L'Auto pofuna kuti nyuzi yawo izigulidwa. Ndiye mukamandiwerenga muzithokoza kuti ife olemba nyuzi timangokunamizani, sitikupalasitsani. Umachitika mu Julaye, masabata atatu, masiku 21 opalasa. Mu 2022 anayambira ku Copenhagen n'kukathera ku Paris, mtunda woposa makilomita 3,300, ngati kuchoka ku Nsanje kukafika ku Chitipa katatu. Kuonera n'kwaulere. Palibe geti, palibe tikiti, umangoima m'mbali mwa msewu ngati ukudikira minibasi. Komabe pali makampani amene anapeza njira yogulitsira chinthu chaulerecho. Amakunyamulani pagalimoto yawo, kukugonekani m'hotelo, kukubwerekani njinga, n'kukupatsani wotsogolera woti m'mawa azikukwezani mapiri omwe akatswiri adutsemo, masana n'kukuimikani padzuwa. Mtengo wake ndinaumva mwangozi kwa mwana wanga. Nditausintha m'makwacha ndinapeza malata a nyumba yonse, ng'ombe ziwiri ndi chenji. Kwathu munthu akakwera chitunda panjinga amakhala atanyamula makala, ndipo pamwamba pake amalandira ndalama. Kumeneko umalipira ndiwe, ndipo sunyamula kanthu.

Tinafika m'tauni yaing'ono ya Bourg d'Oisans, m'tsinde mwa mapiri a Alps. Gulu lathu linali la anthu khumi ndi anayi: madokotala, maloya, agogo ena aakazi a ku Scotland a tsitsi loyera mbuu, mkamwini ndi ine. Wotsogolera wathu, kamnyamata kowonda ngati bango, anandigwira dzanja mwamphamvu n'kunena kuti wamva mbiri yanga. Ndinangoti zinali kalekale.

Kenako anabweretsa zovala.

Abale anga, kabudula uja sindikudziwa ngati ndingamufotokoze m'nyuzipepala yowerengedwa ndi a mpingo. Ndi wothina ngati chubu, ali ndi malamba okoleka m'mapewa, ndipo pakati anasokererapo kathewera. Wotsogolera anandinong'oneza kuti mkati savalamo china chilichonse. Ine, mkulu wa mpingo wopuma, munthu amene mkamwini wanga sanaonepo ngakhale bondo langa! Tinatuluka m'zipinda nthawi imodzi, tinakumana pakhonde, ndipo tonse awiri tinayamba kuyang'ana kudenga ngati likudontha. Tsiku lonse tinkalankhulana titayang'ana mapiri.

Njinga yake nayo inali nkhani ina. Ndinainyamula ndi zala ziwiri. Akuti lamulo la mpikisano limaletsa njinga yopepuka kuposa makilogalamu 6.8, kutanthauza kuti akanawalekerera akanapanga yopepuka kuposa nkhuku. Inalibe kaliyala, inalibe belu, inalibe choimikira. Chishalo chake chinali ngati mpeni wosendera chinangwa. Ndinafunsa kuti mayi akadwala usiku amakhala pati popita kuchipatala, wotsogolera anaseka poganiza kuti ndikucheza. Ndiye panali nsapato zokhala ndi kachitsulo kunsi, zimene zimakola pa pedulo kuti phazi lisachoke. Anandilangiza kuti pofuna kuima ndizipotoza chidendene. Ndinamuuza kuti njinga ndinayamba kupalasa amayi ake asanabadwe.

Tisanatuluke n'komwe m'tauni tinafika pamphambano, anzanga onse anaima, nanenso ndinagwira mabuleki. Njinga inaima. Mapazi anakana kuchoka. Ndinakhala m'malere kanthawi kokwanira kukumbukira machimo anga onse, kenako ndinapendekeka pang'onopang'ono ngati nthochi yodulidwa, khuu! pamaso pa anthu akumwa khofi. Mkamwini anafuna kundidzutsa, koma pokumbukira kabudula uja anangoima chapatali akunena kuti, "Pepani bambo, pepani bambo," maso ali kumwamba.

Phiri la Alpe d'Huez ndi makilomita 13.8 okhaokha okwera. Msewu wake umakhota ka 21, ndipo pokhota paliponse pali chikwangwani cha nambala ndi maina a amene anapambanapo paphiripo, kuyambira Fausto Coppi mu 1952. Manambalawo amawerenga chobwerera, 21 pansi, 1 pamwamba, kuti uzidziwa bwinobwino kuchuluka kwa mavuto amene akutsalira. Akuti Marco Pantani analikwera m'mphindi zosakwana 38. Ine m'mphindi 38 ndinali ndikukambirana ndi Mulungu pakati pa 20 ndi 19.

Palibe amene anandichenjeza kuti gawo loyamba ndilo loimirira kwambiri. Ndinasintha magiya mpaka anatha, chala chikumakankhabe ngati mwina atsalako ena obisika. Mtima unasamukira m'makutu. Agogo a ku Scotland aja anandidutsa akutafuna nthochi, n'kundifunsa ngati ndili bwino. Ndinafuna kuyankha m'Chingerezi chabwino cha kusekondale, koma chimene chinatuluka ndi kulira kwa mbuzi. Anandidutsa mwana wa zaka ngati khumi. Anandidutsa bambo wina wonenepa kuposa ine, akukoka kangolo muli galu. Galuyo ananditembenukira.

Wotsogolera anabwerera n'kundipatsa kapaketi ka zinthu zonanda zotsekemera, akuti zopatsa mphamvu. Munthu amene m'mawa wadya kabanzi kopindika kodzaza mpweya, ukamupatse supuni imodzi ya uchi wabodza kuti akwere phiri? Pamenepo ndinazindikira chimene chinkakweza anthu pa Thabwa. Inali nsima ya mgaiwa ya chamadzulo, ndi mkute wake m'mawa.

Ndinafika pamudzi wa La Garde, pokhota nambala 16, ndipo ndinapotoza chidendene bwino kwambiri, moti mpaka lero ndimanyadira. Ndinakhala pakhoma la tchalitchi. Pampikisano weniweni pamakhala galimoto yotsalira kumbuyo, amaitcha galimoto ya tsache, yosesa amene alephera. Kampani yathu inalinso ndi yake. Anandisesa. Pokhota 15 potsalapo ndinapaona bwino kwambiri pawindo, ndipo ndikutsimikizireni kuti malowo ndi okongola.

Madzulo ake tinaonera pa TV m'hotelo Jonas Vingegaard wa ku Denmark akulanda malaya achikasu, amene amavala wotsogola, kwa Tadej Pogačar paphiri la Granon. Wina anandiuza kuti Vingegaard ankagwira ntchito m'fakitale ya nsomba asanatchuke. Ndinamuyang'anitsitsa. Mnyamata wake ndi woti akabwera kwanu kudzafunsira mbeta, azakhali angayambe amupatsa phala. Mkamwini, pofuna kundichotsa manyazi, anauza gulu lonse kuti vuto linali mpweya wa m'mapiri umene sindinauzolowere. Ulemu wina umapweteka kuposa chipongwe.

M'mawa mwake, Lachinayi pa 14 Julaye, tsiku la chikondwerero cha dziko la France, mpikisano unali kubwera paphiri lomwelo. Wotsogolera anandibweretsera njinga ya batire, mwakachetechete ngati akundipatsa mankhwala a matenda obisika. Ndinakana kawiri monga mwa mwambo, kachitatu ndinakwera. Njinga imeneyo ndi ufiti wabwino. Ukangogunda pedulo imakukankha yokha. Agogo a ku Scotland ndinawadutsa pa 18, n'kuwafunsa ngati ali bwino.

Anatiimika pafupi ndi pokhota nambala 7, pamene amati ndi pa anthu a ku Netherlands. Amabwera masiku angapo mpikisano usanafike, n'kumanga misasa, onse atavala zamtundu wa lalanje, mowa ndi nyimbo usana ndi usiku, pafupi penipeni ndi tchalitchi ndi manda. Ndinaona amuna akuluakulu atavala ngati nkhuku, wina ngati nthochi, wina atangovala kansalu kochepa kuposa kabudula wanga. Msewu wonse analembamo maina ndi penti. Kwathu munthu akavala nthenga n'kumavina pafupi ndi manda timadziwa kuti n'chiyani ndipo timapatuka. Kumeneko akuti ndi akauntanti ali patchuthi.

Tinadikira maola asanu ndi limodzi. Dzuwa la kumeneko mu Julaye silisiyana ndi la ku Nsanje mu Okutobala, ndipo sililowa mpaka cha m'ma 9 koloko usiku. Kutatsala maola awiri kunabwera mdipiti wa magalimoto a amalonda, ena opangidwa ngati botolo, ena ngati nkhuku, akuponya zaulere: zipewa, masiwiti, timasoseji. Ndinauza mkamwini kuti munthu wamkulu sangalimbirane zinthu zoponyedwa pansi ngati nkhuku. Ndisanamalize, chipewa choyera cha madontho ofiira chinagwa pakati pa ine ndi dokotala wa mano wa m'gulu lathu. Sindikumbukira bwino zimene zinachitika. Ndimangodziwa kuti chipewacho chili kwathu, ndipo dokotalayo sanandilankhulenso mpaka ulendo unatha. Pambuyo pake ndinamva kuti madontho ofiira ndi chizindikiro cha katswiri wokwera mapiri.

Kenako kunamveka mahelikopita. Khamu lonse linalowa mumsewu, kungotsala kanjira ka mbewa. Njinga zamoto za apolisi, utsi wa lalanje, phokoso loti sungamve ngakhale kulira kwako. Ndinatulutsa foni kuti ndijambule, ndinapeza ikujambula nkhope yanga. Pamene ndimaitembenuza, Tom Pidcock wa ku Britain, mnyamata wa zaka 22 amene anapambana tsikulo, anali atadutsa. Ndinaona chigongono chake. Wachiwiri anali Louis Meintjes wa ku South Africa, ndipo ndinakuwa kuti "Wakwathu uyo!" ngati tinakulira mudzi umodzi. Wachitatu anali Chris Froome, wobadwira ku Nairobi, amene anapambana mpikisanowu kanayi. Nayenso ndinamutenga kukhala mbale. Munthu ukakhala kutali ubale umatanuka ngati legeni. Vingegaard ndi Pogačar anadutsa ataphatikana, koma pamenepo n'kuti munthu wovala nthochi uja ataima patsogolo panga.

Mayi a kunyumba anaimba foni kuchokera ku Chilomoni. Anali ataonera zonse pa TV ya aneba, kuyambira paphiri la Galibier pamene Pidcock ankatsetsereka ngati alibe makolo. Anandifotokozera bwinobwino mmene mpikisano wayendera. Ine amene ndinali pomwepo ndinkangoti, "Eya, kenako?"

Amene ndinawaona bwino ndi otsalira. Patapita pafupifupi theka la ola, anthu ayamba kale kupinda mipando, kunabwera chigulu cha amuna amatupi akuluakulu, akatswiri a liwiro la pachidikha amene mapiri si awo. Amayenda pamodzi, kuthandizana kuti afike nthawi yoikika isanathe, apo ayi amachotsedwa mumpikisano. Ankakwera pang'onopang'ono moti nkhope iliyonse ndinaiwerenga: kukamwa yasa, maso atalowa, mchere wa thukuta utayera pamalaya. Nkhope imeneyo ndinkaidziwa. Ndinaionapo pa anyamata a makala m'bandakucha pa Thabwa, ndipo dzulo lake ndinali nditaivala ndekha pa La Garde. Mmodzi anandiyang'ana, ine n'kumuyang'ana, ndipo ndinayamba kuthamanga pambali pake ndikukuwa m'Chichewa, "Limba mphwanga, watsala pang'ono!" Linali bodza, kunali kutatsala pokhota 6. Anaponya botolo lake lamadzi lopanda kanthu pafupi ndi mapazi anga. Mkamwini akuti amangotaya chifukwa lamulemera. Ine ndikuti anandipatsa.

Nditabwerera kumudzi ndinafika pabawo nditavala chipewa cha madontho, botolo lili m'manja. Ndinawafotokozera kuti phirilo ndinalikwera kawiri, zomwe n'zoona mukapanda kufunsa zambiri. Nkhani inkayenda bwino mpaka wa fisi uja anatulutsa foni. Mwana wanga, magazi anga enieni, anali ataika pa WhatsApp ya banja kanema wa pamphambano paja, ndipo anali atazungulira mpaka kumpingo. Anauonera kanayi. Kachisanu anauchedwetsa kuti aone bwino pogwera.

Madzulo ake ndinakwera kabaza kubwerera kunyumba. Mnyamatayo anati pakachitunda ka kusukulu paja ndiwonjezere K200 chifukwa ndine wolemera thupi. Kale ndikanakangana naye mpaka pakhomo. Ndinamupatsa K500, ndipo titafika pachitundapo ndinatsika ndekha n'kumayenda pambali pake, chipewa cha katswiri wa mapiri chili kumutu. Anandiyang'ana modabwa.

"Bwanji madala, mukuopa kugwa?"

Nayenso anali atauonera.