Fodya Wapachala cha Eni Ake

Mu Malichi 2019 kampani ya MySpace inatulutsa uthenga wa mizere iwiri itatu wolengeza maliro a nyimbo pafupifupi 50 miliyoni. Inati pamene ankasamutsa katundu kuchoka m'makompyuta akale kumka naye m'atsopano, zimene anthu anaika pakati pa 2003 ndi 2015 zinawonongeka. Oimba okwana 14 miliyoni anali ndi ntchito yawo mmenemo. Ena anali atatchuka kale n'kuiwala zoti anayambira kumeneko, koma ambiri anali anyamata ndi atsikana amene anajambula nyimbo imodzi m'chipinda chogona, kompyuta yojambulirayo n'kufa, iwo n'kumadzitonthoza kuti nyimbo ili bwinobwino pa intaneti. Kampaniyo inapepesa mwaulemu ngati munthu amene waponda mnzake chala mu minibasi.

Agogo aliyense wokoka fodya wamphuno akanawachenjeza oimbawa kalekale, ndipo sakanawalipiritsa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Mwambiwu unabadwa pa zinthu zooneka ndi maso. Munthu watsegula kabotolo, wagogodera pang'ono pachikhatho, watsina ndi zala ziwiri, ndiye m'malo moti akoke wayamba kaye kufotokoza mlandu wa malire a dimba, dzanja lili m'mwamba kutsindika mfundo. Pomaliza kulankhula zala zili mbee. Palibe amene wamubera.

Anthu a masiku ano anapitirira pamenepo, chifukwa fodya wawo sali n'komwe pachala chawo. Ali pachala cha kampani ya ku California imene mwini fodyayo sanaionepo, ndipo pangano lake anavomera asanawerenge, pongodina kabokosi poopa kuti bandulo ingathe. Zithunzi za ukwati, uthenga wa mawu umene malume anatumiza asanamwalire, satifiketi yojambulidwa ndi foni, zonsezo mwini wake amati zili pabwino. Koma pabwinopo ndi m'makompyuta a anthu ena, odya magetsi a anthu ena, ndipo tsiku limene eni ake aona kuti sakupindula nawo amangozimitsa.

Anazimitsapo kale. GeoCities, imene inayamba mu 1994, inkagawira anthu malo aulere pa intaneti, malowo n'kuwaika m'madera okhala ndi mayina: okonda makanema ankapita ku Hollywood, okhulupirira zolengedwa zakumlengalenga ku Area51, okonda za banja ku Heartland. Anthu anamangako zinthu zonyansa mosangalatsa. Zilembo zinkathwanima, nyimbo inkayamba yokha kulira mlendo asanapemphe, ndipo pakona pankakhala kachithunzi ka munthu wokumba ndi fosholo kodziwitsa kuti ntchito ikadali m'kati, ntchito imene sinathe mpaka lero. Mu 1999 Yahoo inagula zonsezi pa mtengo woposa madola 3 biliyoni. Patatha zaka 10, pa 26 Okutobala 2009, inazifufuta.

Zimene zinatsala zinapulumutsidwa ndi anthu ongodzipereka, makamaka gulu lotchedwa Archive Team limene Jason Scott anayambitsa chaka chomwecho. Kwa miyezi ingapo ankakopera usana ndi usiku osapempha chilolezo kwa aliyense, ndipo mu 2010 anatulutsa mtolo wa magigabaiti pafupifupi 650 kuti aliyense wofuna atenge. Lero mtolo umenewo ungakwane m'kachipangizo kolowa m'thumba la malaya. Ku MySpace mwayi unachepa. Ofufuza ena amene sanafune kutchulidwa anali atakopera nyimbo pafupifupi 490,000, ndipo zinabwerera n'zomwezo basi. Pa nyimbo 100 zilizonse, ngakhale imodzi sinakwane.

Apa zikuoneka ngati agogo apambana mlandu, ndiye aliyense athamangire kukatsitsa zake n'kusunga kunyumba. Koma pali kanthu kamene mwambiwu sunatchule. Mphuno imayetsemula.

A ku Britain ali ndi umboni wochititsa manyazi. Mu 1086, molamulidwa ndi mfumu William, kunachitika kalembera wa minda, ziweto ndi anthu a ku England, ndipo alembi analemba zonse ndi inki pa zikopa za nkhosa. Bukulo, lotchedwa Domesday Book, likadalipo ku Kew mumzinda wa London, ndipo wodziwa Chilatini akhoza kuliwerenga lero lino. Mu 1986, pokumbukira zaka 900 za bukulo, BBC inatulutsa lina lamakono. Anthu oposa 1 miliyoni, ambiri a iwo ana a sukulu, analemba za madera awo ndi kutumiza zithunzi. Ntchitoyo inadya mapaundi 2.5 miliyoni, ndipo inaikidwa pa zimbale ziwiri zonyezimira zimene zinkafuna makina akeake. Pofika 2002 zimbalezo zinali zilipo, zonyezimira monga kale, koma makina oziwerenga anali atatsala pang'ono kutheratu. Zinatengera akatswiri a ku mayunivesite a Leeds ndi Michigan kuti apusitse kompyuta yatsopano izidzimva ngati yakale, zimbalezo zilankhulenso. Chikopa cha nkhosa chinapirira zaka zoposa 900, pamene luso lamakono linayamba kutsokomola lisanakwanitse zaka 20.

Osati kuti zakale zonse n'zolimba. Ku Zomba, moto umene unagwira ofesi yaikulu ya boma la atsamunda mu 1919 unanyambita makalata a zaka zoyambirira za ulamulirowo, ndipo olemba mbiri ya Nyasaland akhala akutolera nkhani za nthawi imeneyo m'makope amene anatumizidwa ku London ndiponso m'mabuku a amishonale. Nthambi yosunga zakale inatsegulidwa mumzindawo mu 1947, moto utadya kale gawo lake.

Nanga a NASA, anthu amene anatumiza munthu kumwezi n'kumubweza wamoyo? Mu 2009 anavomera kuti matepi oyambirira a ulendo wa Apollo 11, amene anali ndi zithunzi zowala kuposa zimene dziko linaonera pa kanema mu Julayi 1969, ayenera kuti anafufutidwa n'kujambulidwapo zina. Matepi anali okwera mtengo, ndipo wina muofesi anachita zimene woyang'anira katundu wabwino aliyense amayamikiridwa nazo: anapulumutsa ndalama.

Nkhani imene opanga mapulogalamu amauzana akafuna kuopsezana ndi ya ku Pixar. Mu 1998, filimu ya ana ya Toy Story 2 ili m'kati mopangidwa, munthu wina analemba lamulo lofufuta pamalo olakwika. Oren Jacob, mmodzi wa akuluakulu a zaumisiri, anafotokoza pambuyo pake mmene anaonera Woody, chidole chachikulu cha m'filimuyo, akutha pang'onopang'ono. Chinayamba kusowa chipewa, kenako nsapato, kenako Woody yense. Anaimba foni kuchipinda cha makina kuti azule chingwe cha magetsi. Mmene ankazula, pafupifupi magawo 9 mwa 10 a ntchitoyo anali atapita. Sanade nkhawa kwambiri, poti anali ndi makope apadera pa matepi. Atawatsegula anapeza kuti makina okoperawo anali atasiya kugwira bwino ntchito kalekale, osauza munthu.

M'chipinda cha msonkhano, nkhope zonse zili gwa, munali mayi wina dzina lake Galyn Susman. Iye anali atangobereka kumene, ndipo pofuna kugwira ntchito uku akulera khanda anali ndi kompyuta kunyumba imene ankakoperamo filimuyo. Iye ndi Jacob anakwera galimoto lake la Volvo, anakafunditsa kompyutayo mabulangete, anaimanga lamba pampando wakumbuyo, n'kubwerera pang'onopang'ono, mitima ili m'mwamba pa bampu iliyonse. Itayaka, filimu inalimo. Kampani ya akatswiri a makompyuta inapulumutsidwa ndi khanda losadziwa n'komwe kuti kunja kuno kuli Woody. Chotsatira chake n'choseketsa mwa mtundu wina: akuluakulu ataionera filimu yopulumukayo sanaikonde, ndipo mbali yaikulu anailembanso isanatuluke mu Novembala 1999. Mu 2023, pamene Pixar inachotsa ntchito anthu 75, Susman anali m'gulu lomwelo.

Chimene chinapulumutsa Woody si kunyumba kapena kuofesi. N'choti analipo muwiri. Pamenepa m'pamene fodya wamakono wasiyana ndi wa agogo, chifukwa wa agogo akalowa mphuno imodzi sangalowenso ina, pamene uyu akhoza kukhala m'mphuno chikwi nthawi imodzi, mwini wake osachepekedwa ngakhale kambewu. Osunga mabuku a ku yunivesite ya Stanford anamanga pa mfundo yomweyi dongosolo lotchedwa LOCKSS, m'mene malaibulale ambiri amasunga chinthu chimodzimodzi n'kumafananitsa makope awo kuti lina likawola likonzedwe. Ojambula zithunzi ali ndi lamulo lawo losavuta kuloweza: makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, limodzi likhale kutali ndi nyumba.

Kutaliko nthawi zina kumakhala kutali zedi. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 BBC inkafufuta matepi a mapulogalamu ake, ndipo zigawo zambiri za sewero lotchuka la Doctor Who zinapita motero. Mu 2013 zigawo 9 zimene zinkaonedwa ngati zotayika zinapezeka ku Jos, m'dziko la Nigeria, zili pa shelefu m'nyumba ina ya wailesi yakanema. Zinatumizidwa kumeneko kuti zikaonetsedwe, ndipo palibe amene anavutika kuzibweza kapena kuzitaya. Ulesi wa munthu wina ku Jos unachita zimene khama la akuluakulu a ku London linalephera. Mawu a zigawo zimene zikusowabe alipo chifukwa oonera ena, ambiri a iwo achinyamata, ankajambula sewerolo pa matepi kunyumba, chinthu chimene palibe anawatuma.

Nkhokwe zambiri za zakale zinayamba chonchi, ndi anthu amene panthawiyo ankaoneka osunga zinyalala. M'misika ya ku Malawi muli anyamata oika nyimbo m'mamemori khadi ndi m'mafulashi. Oimba ali ndi zifukwa zomveka zodandaulira nawo, pakuti thukuta la wina likugulitsidwa pa mtengo wa mandasi. Komabe woimba amene situdiyo yake inatsekedwa, kaseti inatafunidwa ndi wailesi, foni inagwera m'chimbudzi, akafuna nyimbo yake yoyamba amadziwa kokafunsa, ndipo amalipira ngati wina aliyense.

Wamkulu wa osunga zinyalala onse ndi Brewster Kahle, amene anayambitsa Internet Archive mu 1996. Likulu lake lili ku San Francisco m'nyumba imene kale inali tchalitchi. Mabenchi akadalimo, kumbuyo kwake kwaima makompyuta akuphethira timagetsi, ndipo m'mbali muli tiziboliboli tadongo ta anthu amene agwira ntchito pamalopo zaka zitatu kapena kuposa. Kuyambira 2001 aliyense akhoza kulowa mu Wayback Machine n'kuona mmene intaneti inkaonekera chaka chakutichakuti, ndipo andale amene amafufuta malonjezo awo chisankho chikatha sakondwera nayo. Ntchito ilipo yambiri: kafukufuku wa Pew Research Center wa mu 2024 anapeza kuti pa masamba 100 alionse amene analipo mu 2013, okwana 38 anali atasowa patatha zaka 10. Kahle nayenso sakhulupirira mphuno imodzi. Anatumiza kope la nkhokwe yake ku Alexandria m'dziko la Egypt, mzinda umene umadziwika padziko lonse chifukwa cha laibulale imene inatha. Kukayika kwakeko kunali koyenera. Mu 2013 moto unagwira nyumba yojambuliramo mabuku pafupi ndi likulu lija, ndipo mu Okutobala 2024 mbava za pa intaneti zinathyola nkhokweyo mpaka inatsekedwa kwa masiku angapo.

Chomvetsa chisoni n'choti mphepoyi imasankha. Chithunzi cha agogo aakazi atanyamula mdzukulu chimapita pamodzi ndi foni yobedwa pa depoti. Chithunzi cha bambo wolemekezeka akuvina paukwati malaya atatuluka m'buluku chimapezeka m'mafoni a anthu amene sanaitanidwe n'komwe, ndipo chidzatuluka tsiku limene adzafune kuimira mpando wa mkulu wa mpingo. Lamulo la makope ambiri limagwira ntchito mokhulupirika kwambiri pa zinthu zimene mwini wake akufuna zitaiwalika.

Amene anafika nayo patali nkhani yosunga makopeyi ndi a GitHub, kampani yosunga ntchito za opanga mapulogalamu. Pa 2 Febuluwale 2020 anakopera ntchito zapoyera zimene anthu ankazigwiritsa ntchito panthawiyo, zokwana materabaiti 21, n'kuzisindikiza pa mikukuto 186 ya filimu. Anainyamula kupita nayo ku Svalbard, zilumba zozizira koopsa za dziko la Norway, n'kukaiika mumgodi wakale wa malasha, mamita 250 m'kati mwa phiri. Cholinga chawo n'choti ikhale zaka 1,000, ndipo anaikamo malangizo a mmene wodzaipeza angaiwerengere. Sanasankhe kuti iyi ndi ntchito yanzeru, iyi ndi yachibwana. Motero m'phirimo muli mapulogalamu amene akuyendetsa mabanki ndi mafoni a dziko lonse, pamodzi ndi homuweki ya ana a sukulu amene anaisiya pakati itawakanika. Matepi a kumwezi anafufutidwa, koma homuweki imeneyo yakonzedwa kuti ifike chaka cha 3020, zolakwika zake zonse zili momwemo.