Theka la Mpala

Loweruka lapitali, pokumbukira kuti mawa lake ndinali woti ndikawerenge Mawu kutchalitchi, ndiponso mayi a kunyumba atandiuza mosapsatira kuti tsitsi lotsala m'mbali mwa dazi langa layamba kufanana ndi udzu wa m'mphepete mwa bwalo la mpira, ndinatenga ndodo yanga n'kutsikira ku Limbe, kukanyumba kamalata kumene ndakhala ndikumetetsa zaka zambiri ndithu. Ntchito ya pamutu panga njochepa, ndipo wodziwa kugwira mashini amaitsiriza madzi a tiyi asanawire. Koma ndinapeza pampando pali mnyamata, ndipo wometa, osacheuka n'komwe, analoza benchi ndi chigongono nati, "Madala, takhalani kaye, ndikumalizitsa kasitomala."

Kumalizitsa! Nawonso ana a Israyeli, zaka 40 zija m'chipululu, anali kumalizitsa ulendo.

Mnyamatayo, amene ndevu zake zikadali m'njira, anali atanyamula foni yoonetsa chithunzi cha wosewera mpira wa ku England, ndipo chifuniro chake chinali chakuti mutu umene Mlengi anauumba ngati papaya ufanane ndi wa mwini chithunzicho. Wometa anayamba ndi chipeso cha mano aatali, natukula tsitsi lonse kufikira linaima ngati chulu, pakuti, anatero pondiphunzitsa ine amene sindinafunse, tsitsi lopotana nlachinyengo: ukalinyowetsa kapena kulikoka limaoneka lalitali, koma likauma limadzipinda n'kubwerera kwawo, kotero kuti wolidula lili lonyowa amadzalira m'mawa. Atatero anagwira mashini, ziro pankhongo, wani pamwamba pa makutu, thu cha kuliwombo, kuti kuda kwa tsitsi kuzitha pang'onopang'ono monga umathera mdima m'bandakucha. Chimenechi amachitcha fedi. Kenaka anasenda lumo latsopano nayamba kulemba mzere wa pamphumi, akubwerera m'mbuyo, akutsinzina diso limodzi, akupendeka khosi, mosamala koposa nyakwawa yoyeza malire a munda umene abale akhala akulimbirana chimwalirire agogo awo. Pakati pa mzerewo foni yake inalira, ndipo tonse tinadikira, lumo lili m'mwamba, kufikira atamaliza kufotokozera wina chimene chinalakwika pamasewero a Bullets ndi Wanderers.

Ndinadzitonthoza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo ndinawaonadi, pakuti wometa anatulutsa chinkhupule chamabowo ngati chisa cha njuchi, nachipaka mafuta, nayamba kuchizunguza pamutu pa mwana wa eni monga mayi wokwecha mphika umene nyemba zapserera. Ndipo taonani, tsitsi lija analipesa ndi thukuta linasanduka timichira ta ana a nkhumba, mazanamazana, kalikonse kakuloza kwake. Ife aphunzitsi ankatikwapula pamzere tikafika osapesa. Lero munthu amapesedwa, kenaka n'kulipira kuti amusokoneze, kuti atuluke akuoneka ngati wangodzuka pamphasa.

Koma amene anandiwawitsa mtima koposa ndi mnzake wa pabenchi, wa mtundu uja wa anyamata ofuna mafunde pamutu, amene iwo amati mawevu. Ameneyu anabwera atamanga duku, inde duku, lothina ngati la amayi a Mvano, ndipo atalivula anatulutsa bulashi m'thumba nayamba kukwecha kuchokera paliwombo kutsikira pamphumi, kosalekeza, maso ali pagalasi la mwini wake. Anthu otere ndawaona m'minibasi, chigongono chili m'nthiti mwa mnzawo. Ndawaona pamzere wa kubanki. Mmodzi ndinamuona pamaliro, m'busa akulalikira za kufota kwa udzu, iye ali kalikiliki kusalaza nyanja yake. Khasu akaligwira mphindi zisanu amati msana, koma bulashi amaligwira kuyambira tambala woyamba. Usiku amagona chimangire duku kuopa kuti mafunde angaphwe, ndipo ndikufunsa ine: mkazi wa munthu wotere, pofuna duku la kumaliro m'mamawa, azikalifuna pamutu pa yani?

M'masiku a Kamuzu zoterezi zikanatha msanga. Lamulo la kavalidwe la 1973 linaletsa akazi mathalauza ndi masiketi aafupi, amuna nawo tsitsi lalitali linali mlandu, ndipo alendo ofika nalo lolendewera ankakumana ndi sizasi pabwalo la ndege la Chileka asanaone n'komwe phiri la Ndirande. Sindikuti masiku amenewo abwerere, iyayi. Lamulolo linachotsedwa mu 1993, ndipo pamene khoti lalikulu ku Zomba linagamula mu 2023 kuti ana a Chirasta aziphunzira m'sukulu za boma osametedwa, ine ndinavomereza ndi mtima wonse. Chokhacho ndikanakonda achinyamata akumbukire Abisalomu, amene tsitsi lake linkalemera masekeli 200 koma ankameta kamodzi kokha pachaka, osatsekereza akuluakulu pabenchi Loweruka lililonse. Ndipo ngakhale iyeyo mathero ake anali kulendewera mumtengo, bulu atapitirira.

Komabe ndisaname pamaso pa owerenga. Inenso ndinali ndi seda wowongoka ngati njanji ya ku Nsanje, wolembedwa ndi lumo, wonyezimira ndi Vaseline, ndipo mayi amene lero akuyerekeza mutu wanga ndi bwalo la mpira anagwa naye seda ameneyo. Kapena chimene chinkandiluma pabenchi paja chinali njiru chabe ya munthu amene munda wake unaguga. Mneneri Elisa, ana atamuseka dazi, zimbalangondo zinamumenyera nkhondo. Ku Limbe zimbalangondo kulibe.

Dzuwa litapendeka ndinakhala pampando. Wometa anandikulunga nsalu, nayendetsa mashini kuchokera kukhutu lamanja kufika pakati pa nkhongo, ndipo pomwepo magetsi anazima. Lumo lotsiriza linali litathera pamphumi pa mnyamata uja. "Madala, mwina abwera usiku," anatero wometa, akupukuta theka lometedwalo ndi spiriti. Ndikuimirira, wa duku uja analeka kukwecha koyamba tsiku lonse, nandizungulira mwaulemu, nati, "Madala, sitayilo imeneyi dzina lake n'chiyani?" Wometa, pomva mawu akuti sitayilo, anandilipiritsa mtengo wa fedi.

Magetsi sanabwere. Lamulungu m'mawa, mwamuna posaloledwa chipewa m'nyumba ya Mulungu, ndinakwera kuguwa chamutu, n'kupeza kuti gawo limene anandikonzera ndi Oweruza 16, nkhani ya Samsoni pamiyendo ya Delila. Ndinaliwerenga lonse nditaima cham'mbali.